Ndinabera nkhalamba ziwiri mu gemu, tulo tinandithawa

Inali June 2021, kuzizira kwa ku Lilongwe kuja koti ngakhale uvale majuzi awiri mphepo imakupezabe, ndili ndekha mchipinda changa cha lendi ku Area 25, laputopu ili pa miyendo, nthawi itapitirira 1 koloko usiku. Ndinkasewera gemu ina yake yotchedwa This War of Mine. Ndikulemba izi chifukwa zomwe zinandichitikira usiku umenewo ndinazisunga mumtima nthawi yaitali, ndinkachita manyazi kuuza munthu, ndipo ndikudziwa kuti alipo ena omwe anazimitsapo gemu mtima ukuwawa koma osadziwa kuti angayambire pati kufotokoza.

Kwa amene simunaiseweko, gemuyi inapangidwa ndi kampani ya ku Poland ya 11 bit studios, inatuluka mu November 2014, kenako mu 2015 inabweranso pa mafoni. Ndi gemu ya nkhondo koma iwe si msilikali ayi. Umayendetsa anthu wamba omwe atsekeredwa mu mzinda wozingidwa ndi asilikali, mzindawo ndi wongopeka, dzina lake Pogoren, koma opanga gemuwo anatengera kwambiri zomwe zinachitika ku Sarajevo, mzinda wa ku Bosnia womwe unazingidwa kuyambira 1992 mpaka 1996, masiku 1,425 anthu akukhala mkati mwa zipolopolo. Masana sutuluka panja chifukwa kuli owombera obisala pamwamba pa nyumba, nde umangokhala mnyumba yogumuka kukhoma mabedi, kutchera madzi a mvula, kuphika tochepa tomwe tilipo. Usiku munthu mmodzi amanyamula chikwama kukasaka chakudya, nkhuni, mankhwala, ena amatsala kulondera kapena kugona.

Ine ndinali ndi anthu atatu. Pavle yemwe kale anali katswiri wa mpira, Bruno wodziwa kuphika, ndi Marko yemwe anali wozimitsa moto, iyeyu ndi amene ndinkamutuma usiku chifukwa chikwama chake chimanyamula zambiri. Masiku oyamba zinkayenda, timatola mu nyumba zosiyidwa zopanda mwini. Kenako usiku wina akuba anatithyolera nkutenga chakudya chonse, Pavle anayamba kudwala ndipo matenda ankakulirakulira tsiku ndi tsiku, mankhwala ndilibe, chogulira mankhwala kwa wamalonda amene amagogoda pakhomo uja ndilibenso. Pa mapu panali malo otchedwa Quiet House, ndipo gemuyo sinandibisire chilichonse, inalemba poyera kuti mmenemo mukukhala agogo awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ali ndi chakudya ndi mankhwala, ndipo kutenga ndi kuba basi.

Ndinamutuma Marko.

Chomwe sindinkayembekezera ndi ichi. Agogo aamunawo sanatenge mpeni, sanatenge mfuti, sanakuwe kuitana anthu. Anangoyamba kundilondola. Ndikatsegula kabati ali pambuyo panga, ndikakwera masitepe akukwera nawo pang'onopang'ono mwa ukalamba, akudandaula kuti chonde musatitengere, tisiyireniko. Ine chala chili pa mausi ndikusamutsa zitini za chakudya, ndiwo zamasamba, botolo la mankhwala, bandeji, chimodzichimodzi kulowetsa mchikwama mpaka malo onse 15 anadzaza. Ndikukumbuka bwinobwino kuti ndinachotsa matabwa awiri omwe ndinatola panja kuti ndipeze malo oikamo chitini chawo chomaliza. Palibe anandikakamiza chitini chimenecho, mankhwala a Pavle ndinali nditatenga kale.

Kutacha mu gemumo Pavle anamwa mankhwala, onse anadya. Koma Marko anayamba kuyenda mutu uli pansi, pa kachithunzi kake panalembedwa kuti ndi wokhumudwa, Pavle nayenso ankalankhula za nkhalamba zija kuti kodi zikhala bwanji. Bruno yekha ndi amene sizinkamukhudza kwenikweni. Ndinatseka laputopu, nkugona chagada, tulo osabwera. Mmimba munkangoti fwaa ngati mmene umamvera ukanamiza munthu amene amakukhulupirira. Tambala woyamba analira ndili maso.

Mawa lake kuntchito ndinamuuza mnzanga wina yemwe timasewera naye FIFA loweruka lililonse. Anaseka mpaka kugwira pamimba. Akuti aise, si iwe yemwe uja unkagunda anthu ndi galimoto mu GTA San Andreas tili ku sekondale, lero ukulira ndi tizidole ta mu kompyuta? Ndi gemu chabe amwene, palibe wafa. Ndinaseka nawo kuti nkhani ithe koma funso lakelo linandikhala, chifukwa amanena zoona. Ndapha anthu osawerengeka mma gemu kuyambira ndili mwana pa PlayStation 2 ya kwa aneba, sindinasowepo tulo. Nde bwanji apa pomwe sindinaphe ndi munthu mmodzi yemwe?

Ndaliganizira funso limeneli kwa nthawi yaitali ndipo mmene ndikuonera ine nkhani ili apa. Mu GTA anthu a mumsewu aja alibe nkhope yoti uikumbuke, ukagunda mmodzi pakona pakubwera wina wofanana naye, gemu yonse inamangidwa ngati bwalo la chipwirikiti ndipo iwe ukudziwa. Koma mu nyumba ija munali zithunzi pakhoma, munali mipando yawo, munali anthu awiri omwe akalamba limodzi, ndipo munthu anandipempha maso ndi maso. Chachiwiri, gemuyo sinandilamule. Ikanandiuza kuti kuti upitirire uyenera kuba ndikanati mlandu ndi wa amene analemba gemu. Koma panali malo ena oti ndikanapita, oopsa, komwe kuli anthu a mfuti, ine ndinasankha nkhalamba chifukwa ndinkadziwa kuti sizingabwezere. Apa ndi pomwe pankandiluma. Anthuwo ndi opeka inde, chakudyacho ndi chopeka, koma maganizo oti ndipite kwa ofooka chifukwa ndi ofooka anachokera mmutu mwanga, mwa ine weniweni wokhala ku Area 25, sanachokere ku Poland.

Cholakwika choyamba chomwe ndinachita ndi kuyambiranso. Gemuyi imaseva yokha kukacha tsiku lililonse nde zomwe wachita usiku zikangolowa tsiku lina sungazibweze. Ndinafufuta zonse nkuyamba pa tsiku loyamba, ndikulumbira kuti ulendo uno sindiba kanthu kwa munthu. Ndinasewera ngati mkulu wa mpingo. Ana awiri anabwera kudzagogoda kupempha mankhwala a mayi awo, ndinapereka omwe ndinali nawo. Aneba akapempha thandizo ndimatumiza munthu. Nyengo yozizira itafika ndinalibe nkhuni zokwanira, ndinayamba kuwaza mipando, mmodzi anadwala, mankhwala aja ndinapereka kale, anamwalira ndikuona. Ndipo chodabwitsa, ululu wa nkhalamba zija sunachoke. Ndinangowonjezerapo wina. Kufufuta seva sikufufuta zomwe wadziona ukuchita, ndipo ngati mukuganiza zoyambiranso gemu ndi cholinga choti mtima uyere, ndikuuzeni kuti kwa ine sizinagwire. Pali gemu ina, Undertale ya Toby Fox ya 2015, yomwe inapangidwa dala kuti izikumbukira, ukapha munthu nkubwerera mmbuyo kuti ukonze pali kaduwa kena kamene kamakuuza kuti kakudziwa zomwe unachita. Ndinkaona ngati ndi nkhanza za wopanga gemu koma pano ndimaona kuti ankangonena zomwe zimachitika kale mmutu mwa wosewera.

Cholakwika chachiwiri chinali kuyamba kudziweruza ngati ndine munthu woipa amene wangozindikirika kumene. Sabata yonse ndinkangoti ndiye kuti nkhondo itabwera kuno ndingabere agogo a anthu, ndiye kuti umunthu wanga ndi wa pakamwa chabe. Maganizo amenewa ndi olemetsa ndipo sathandiza. Gemu ija inapangidwa mwaluso kuti ikupanikize pakona pomwe njira iliyonse ili ndi wolira, njala ya Pavle ndi kupempha kwa agogo aja zonse anaziika ndi anthu omwe ankafuna kuti umve kulemera kwake. Nchifukwa chake boma la Poland mu 2020 linaiika pa mndandanda wa zinthu zomwe ophunzira akuluakulu a ku sekondale angagwiritse ntchito pa maphunziro, pambali pa mabuku. Ndinapezanso kafukufuku wa mu 2014 wotsogoleredwa ndi Matthew Grizzard wa ku University at Buffalo ku America, anthu ena anawaseweretsa gemu ngati zigawenga ena ngati asilikali a UN, omwe anasewera ngati zigawenga ndi amene anadziimba mlandu kwambiri ndipo atamaliza ankaonetsa kukhudzidwa kwambiri ndi nkhani zosavulaza ena komanso chilungamo. Zinandipepuza pang'ono kudziwa kuti si ine ndekha ndipo si misala. Munthu amene mtima wake unauma sakanasowa tulo chifukwa cha chitini.

Koma panali china pansi pake chomwe kafukufuku sakanandiuza, ndipo chinatulukira chokha tsiku lina ndikutsuka mbale.

Mu 2002 ndinali ndi zaka 8, ndinkakhala ndi agogo kumudzi ku Ntchisi. Amene munalipo mukuikumbuka njala ya chaka chimenecho, yomwe boma linachita kulengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi. Tinkadya madeya, ena ankakumba zitsa za nthochi nkusinja, sukulu ana anasiya kupita chifukwa miyendo inalibe mphamvu. Agogo aamuna anali ndi kamunda ka kudimba komwe chimanga chinayamba kukhwima msanga, ankagona konko mkachisakasa kulondera. Usiku wina ndinawatsatira chifukwa ndinkaopa kugona ndekha. Pakati pa usiku tinamva mapesi akuthyoka. Agogo anadzuka, chikwanje chinali pomwepo pambali pa mphasa koma sanachitenge, anatuluka chimanjamanja. Ine ndinasuzumira pa kampata ka udzu, mwezi unali wowala, ndinaona munthu wamtali ali ndi thumba akuthyola chimanga mwachangu, agogo ali pambuyo pake akumulondola mzere ndi mzere, akulankhula motsitsa kuti mwana wanga tenga koma tisiyireko, ndili ndi adzukulu. Munthuyo sanatembenuke. Anadzaza thumba nkulowera kumtsinje.

Nthawi imeneyo wakuba chimanga akagwidwa anthu ankamumenya koopsa, ena ankavulazidwa moyo wawo wonse. Kutacha anthu anafunsa agogo ngati anamuzindikira, iwo anati kunali mdima. Ine ndinkadziwa kuti kunali mwezi.

Zaka pafupifupi 20 nkhani imeneyi ndinali ndisanaiganizirepo. Nde mu gemu muja ndinali ine wa thumba uja, ndipo amene ankandilondola pa masitepe ankayenda ngati agogo anga. Ndinakhala pansi mbale zili mmanja.

Ndipo pomwepo chinabweranso china, chomwe chinali chenicheni kuposa zonse. Agogo aamuna anatisiya kale koma agogo aakazi alipo, amamwa mankhwala a BP, ndipo pa maliro a agogo aamuna ndinalonjeza pamaso pa amalume kuti ndalama ya mankhwala ndi ya sopo ndizitumiza ine mwezi uliwonse. Pofika June ameneyo inali itakwana miyezi itatu ndisanatumize. Zinthu zinalidi zovuta, lendi inakwera, malipiro ankachedwa, koma bandulo ndinkagula, loweruka ndinkapezeka kocheza. Amalume akaimba ndinkaisiya foni iziitana mpaka idule yokha. Ndinasankha kumana agogo chifukwa pa anthu onse omwe ndinali nawo ngongole, iwo okha ndi amene sakanabwera kudzagogoda pakhomo panga. Landilodi amabwera, wa katapila amabwera, agogo sabwera. Chimodzimodzi ndi mapu aja, ndinayang'ana malo onse nkusankha komwe kulibe mfuti.

Sindikunena kuti aliyense amene wamva kuwawa ndi gemu ali ndi mlandu wobisika kwinakwake ayi. Msuweni wanga wamkazi analira ndi gemu ya The Walking Dead ya kampani ya Telltale pa gawo lija umapatsidwa tizakudya tinayi kuti ugawire anthu khumi anjala, ndipo panalibe china chilichonse kuseri kwake, inali nkhani yabwino yomwe inamugwira mtima basi, mawa lake anali bwinobwino. Nthawi zambiri zimathera pomwepo ndipo nzabwino. Koma ngati padutsa masiku atatu, anayi, sabata, chithunzi chomwecho chikungobwerabwera, musachithamangitse ndi mawu oti ndi gemu chabe. Khalani pansi mudzifunse kuti kodi kwenikweni chikundiwawa ndi chiti. Osati gemu yonse, kachigawo kamodzi. Kwa ine sikunali kuba mankhwala, kunali chitini chomaliza chija ndi kayendedwe ka nkhalamba ija. Mukakapeza kachigawoko mufunse kuti kakufanana ndi ndani, kakufanana ndi liti. Mwina simupeza kanthu, ndiye mwaona kuti ndi luso la opanga gemu, pumani. Mwina mupeza munthu wamoyo amene ali ndi nambala ya foni.

China chomwe ndinaphunzira mochedwa, sankhani womuuza. Mnzanga wa FIFA uja ndi munthu wabwino koma sanali woyenera nkhani imeneyi, kuseka kwake kunandibweza mmbuyo sabata yathunthu. Amene anandimvetsa ndi msuweni wanga uja chifukwa iye zinamuchitikirapo. Komanso gemu zolemera ngati izi musamasewere 1 koloko usiku muli nokha, mwatopa, muli ndi nkhawa za ndalama, ine ndinazisewera nthawi yolakwika kwambiri ndipo zinandipeza ndilibe chotchinga. Palibe lamulo loti gemu ukaiyamba uimalize, kuisiya mwezi kapena kuisiyiratu si kugonja. Ndipo ngati maganizo odziimba mlandu afika poti simukudya, simukugona masabata, kapena mwayamba kudziona ngati munthu wosayenera kukhala ndi moyo, pamenepo nkhani si gemunso, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kapena pitani kuchipatala mukalankhule ndi adokotala, musadikire.

Ine ndinatumiza ndalama ya miyezi iwiri pa Mpamba kwa amalume tsiku lomwelo, yachitatu ndinalibe. Kumapeto kwa mwezi ndinakwera minibasi mpaka pa Mponela nkupeza ina ya ku Ntchisi, nditanyamula shuga, sopo, mafuta ophikira ndi kabotolo ka mafuta odzola omwe amawakonda. Ndinawapeza akhala pa mkeka kuseri kwa nyumba komwe kumafika dzuwa, akusenda mtedza mlichero. Atandiona anaika dzanja pachipumi nkuti, amuna anga, ndimayesa mwakwatira wina ku tauniko mwanditaya. Ndinagwada nkuwapatsa moni, mawu osatuluka bwino. Ndinawauza kuti agogo ndinalakwa, ndalama ndinkaipeza yochepa koma ndinkayamba zina. Sanayankhe msanga, anangondisunthira lichero kuti ndizisenda nawo. Kenako anati mankhwala anatha mwezi watha, mutu unkawawa, koma mwabwera.

Madzulo tikuotha moto ndinawafunsa za usiku wa kudimba uja, ngati agogo aamuna anawauzapo kuti anali ndani. Anati anandiuza mmawa womwewo. Anatchula munthu woti ndimamudziwa, wa mudzi womwewo, nthawi imeneyo anali ndi ana aang'ono anayi ndipo mmodzi anali atatupa kale miyendo. Anati munthuyo sanabwerepo kudzapepesa ndi pakamwa mpaka lero, koma chaka chilichonse mvula isanayambe amabwera ndi mitolo ya udzu kudzafolera khitchini yawo osalandira kanthu, ndipo pa maliro a agogo aamuna ndi iye anayamba kugwira khasu kumanda kusanache.

Ndinalimba mtima nkuwafotokozera za gemu ija, ndinkaona ngati sazimvetsa, ndinati ndi kanema wa pa kompyuta woti anthu ake umawayendetsa ndiwe. Anamvetsera yonse, za Pavle, za Marko ndi chikwama chake, za nkhalamba yondilondola pa masitepe. Sanaseke. Anakankhira chikuni pamoto nkufunsa kuti nanga wodwala uja anachira? Ndinati anachira. Anagwedeza mutu. Kenako anati, nanga anzanga okalambawo, munabwererako kukawaona ngati anapeza chakudya?

Ndinati ayi agogo, ndinkaopa zomwe ndikapeze, ndinafufuta nkuyambiranso.

Anati iii, nkukhala chete kanthawi akuyang'ana moto, kenako anaitana mwana wa amalume kuti abweretse mbatata tiotche.